Kuchoka pa Mtsiro Kufika pa Matailosi: Phunziro la Kukongoletsa Nyumba ku Dedza

Mawu oyamba

Nkhani ino ndi ya matailosi, timapale tosalala tija timayalidwa pansi kapena kumatidwa pakhoma la nyumba. Wina angafunse kuti wophunzira chiyankhulo akufunanji pa ntchito ya amisiri omanga. Yankho langa ndi lakuti nkhaniyi inachita kundipeza kwathu. M'chaka cha 2022 achimwene anga, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anatumiza ndalama zoti m'nyumba ya amayi aikemo matailosi. Kwathu ndi kufupi ndi Bembeke, m'dera la Mfumu Kamenyagwaza. Achimwene anachita izi mwachikondi, pofuna kuti mayi wawo apume ku ntchito yozira. Koma chaka chisanathe matailosi ena anali atatukumuka, ena atasweka, ndipo agogo anali ataterereka kawiri n'kulumbira kuti m'nyumbamo sadzapondamonso. Popeza ine ndi amene amanditchula kuti wakusukulu, onse anatembenukira kwa ine kuti ndifotokoze chimene chinalakwika. Ndinangoti kukamwa yasa.

Zimene ndalemba pano ndi zimene ndinatola pofunafuna yankho. Ndifotokoza za liwu lenilenilo, za mmene makolo athu ankakongoletsera nyumba, za dothi ndi moto zimene zimabala tailosi, ndiponso za funso limene landivutitsa kuposa onse, lakuti zojambula za pa matailosi athu zizichokera kuti.

Liwu lakuti tailosi

Liwuli tinabwereka ku Chingerezi, koma tinalibwereka lili kale lochulukitsa. Lembo la s limene lili kumapeto kwake pa Chingerezi limasonyeza kuti zinthuzo n'zambiri. Ife zimenezo sitinazilabadire. Tinalitenga lonse, n'kuwonjezera i kumapeto popeza mawu a Chichewa amathera pa lembo la liwu, kenaka n'kuika mphatikiri ma- kumayambiriro kuti tichulukitse mwa chikwathu. Motero liwu lakuti matailosi linachulukitsidwa kawiri, monga momwe zinachitikira ndi mabanzi. Pa umodzi anthu sagwirizana. Ena amati tailosi imodzi, kuliika m'gulu la I-Zi, pomwe ena amati tailosi limodzi, kulikokera m'gulu la Li-Ma. Ine m'nkhani muno ndatsata njira yoyambayo chifukwa ndi imene ndimamva kawirikawiri kwa amisiri.

Chimene chinandikhudza kwambiri si kubwera kwa liwu latsopanoli, koma mawu amene likuwakankhira kunja. Mwana wa achemwali anga, amene ali sitandade 7, nditamufunsa tanthauzo la nkhulungo anayankha kuti mwina ndi mbalame.

Tisanadziwe matailosi

Nyumba ya Mchewa kapena Mngoni wa ku Dedza sinali yosakongoletsa. Mwamuna ankaimika mitengo kapena kuumba njerwa n'kufolera denga, koma pansi ndi makoma zinali m'manja mwa mkazi. Ntchitoyi inali ndi mawu akeake. Kumata ndi kutseka khoma ndi matope. Kutsutsuta ndi kusalaza khomalo. Kuzira ndi kupaka pansi dothi losungunula m'madzi, ndipo dothi lake limatchedwa mtsiro. Kukulunga ndi kutikita pansi pozirapo ndi mwala wosalala wa kumtsinje, umene ndi nkhulungo ija, mpaka pansi patayamba kunyezimira.

Agogo amati mtsiro wabwino suchokera paliponse. Iwo ankakatapa kudambo lina la kutsidya, ulendo wa pafupifupi ola lathunthu ndi dengu pamutu, kusiya dothi lambirimbiri pakhomo. Dothi lakuda la kudambo ankazirira pansi ndi mzere wa m'munsi mwa khoma, pamene mvula yodontha kudenga imathovukira. Katondo wofiira ankapaka pakati. Loyera, limene ankalipeza movutikira, ankalisungira zojambula, ndipo likasowa ankagwiritsa ntchito phulusa. Pozira ankayambira kukhoma la kumbuyo akubwerera chafutambuyo kuloza kukhomo kuti asaponde pomwe azira kale. Dzanja likamayenda limasiya mizere yopindika ngati uta, wina pamwamba pa unzake, ndipo munthu wodziwa ankatha kuzindikira kuti apa wazira ndi uje pongoona kukula kwa mautawo.

Zojambula za pakhoma zinali zosavuta kuziona koma zovuta kuzilinganiza. Panali mizere yokhotakhota imene agogo amaitcha njira ya njoka, timakona titatu tondondozana ngati mano a sowo, madontho a nkhanga, ndi maluwa a maungu. Ntchitoyi inkagwiridwa anthu akakolola, kunja kukauma, ndiponso kukamayandikira ukwati, chinamwali kapena Khirisimasi. Mvula ikabwera inkakokolola zambiri mwa izo, chaka chinacho n'kuyambanso. Apa ndi pamene pali kusiyana kwakukulu ndi tailosi. Zozira n'za kanthawi, ndipo chifukwa chakuti zimafafanizika, chaka chilichonse mtsikana wina ankaphunzira poona amake akubwereza. Tailosi ikakhala yakhala. Imapulumutsa msana wa mayi, ndipo zimenezo sindingazinyoze, chifukwa amene amatamanda kuzira kwambiri nthawi zambiri ndi amene sanazirepo. Imachepetsanso fumbi ndi utitiri. Koma imatsekanso sukulu ija imene inalibe mphunzitsi wolembedwa ntchito.

Dothi ndi moto

Tailosi ndi m'bale wake wa mbiya. Zonse ndi dothi lowotcha. Kusiyana kwake kwagona pa mtundu wa dothi ndi ukali wa moto.

Dongo likauma padzuwa limalimba, koma mukalithira madzi limabwerera kukhala matope. Likawotchedwa kufika cha m'ma 500 kapena 600 digiri, madzi amene ali m'kati mwenimweni mwa dothilo amatuluka, ndipo silingasungunukenso. N'chifukwa chake mapale amakhala m'nthaka zaka mazanamazana osawola. Amayi oumba mbiya kumudzi amawotchera pamtetete, ndi nkhuni, makungwa ndi udzu, ndipo moto wotere nthawi zambiri umafika pakati pa 600 ndi 900 digiri. Mbiya yotuluka pamenepo imakhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Timabowoti ndi timene timachititsa kuti madzi a mumtsuko azizizira, popeza amatulukira kunja pang'onopang'ono n'kumauma. Pa mtsuko umenewo ndi ubwino, koma pa tailosi ya m'bafa ndi chilema.

Kuti timabowo titsekeke pamafunika ng'anjo yotsekedwa bwino yofika pakati pa 1,200 ndi 1,300 digiri. Si dothi lililonse lingapirire moto wotere. Katondo wathu ali ndi chitsulo chambiri, chimene chimamupatsa kufiira kuja, ndipo moto ukapyola muyeso amapindika n'kuyamba kusungunuka. Limene limapirira ndi dongo loyera lotchedwa kaolin, ndipo mwayi wake ndi wakuti akatswiri a za miyala analipeza ku Linthipe, m'boma lomwe lino la Dedza. Dongoli amalisakaniza ndi miyala yopera, monga feldspar, imene imasungunuka m'ng'anjo n'kumata tizidutswa tonse pamodzi.

Tikatsata zimenezi tingagawe matailosi m'magulu atatu. Loyamba ndi la matailosi ofiira osapaka kanthu, apachibale ndi njerwa, amene amamwa madzi koma saterera. Lachiwiri ndi la matailosi opakidwa pamwamba utoto umene umasanduka galasi lopyapyala ukapsa, pomwe kunsi kwake kumamwabe madzi. Ambiri otchipa amene ali m'masitolo ndi a gulu limeneli. Lachitatu ndi la matailosi olimba kwambiri otchedwa porcelain, amene madzi omwe angamwe safika ngakhale theka la gawo limodzi mwa magawo 100 a kulemera kwake. Njira yosiyanitsira ndi yapafupi. Tembenuzani tailosi n'kudonthezera madzi kumsana kwake. Dontho likalowa msanga, dziwani kuti ndi yomwa madzi. Likangokhala chilili, ndi yolimba.

Mitundu ya utoto wa pa tailosi imachokera ku zitsulo. Chitsulo wamba chimapereka kufiirira ndi mtundu wa khofi, kopa amapereka kubiriwira, ndipo cobalt amapereka buluu. Pano ndipatukeko pang'ono. Pa Chichewa tsinde la -biriwira linkanyamula mtundu wa msipu ndi wa thambo womwe, ndipo n'chifukwa chake tinabwereka liwu lakuti buluu. Chodabwitsa pa ntchitoyi n'chakuti wojambula saona mtundu weniweni pamene akujambula. Utoto wa cobalt usanapse umaoneka wakuda kapena wotuwa mofiirira, ndipo buluu amadzatulukira m'ng'anjo. Wojambulayo amayenda ngati munthu wobzala usiku, amene adzaone mizere yake mbewu zikamera.

Zonsezi ndinazimvetsa bwino nditapita ku Dedza Pottery, kunja pang'ono kwa tauni ya Dedza, m'munsi mwa phiri lija lotalika mamita 2,198. Malowa anayambitsidwa m'chaka cha 1987 ndi Christopher ndi Charity Stevens, ndipo anatchuka ndi makapu, mbale, miphika ya maluwa ndi matailosi ojambulidwa pamanja, osonyeza nyama, mbalame, nsomba ndi moyo wa kumudzi. Ndinachita manyazi kuti ndinakulira mtunda waufupi chotere ndi malowa koma ndinkawayesa a azungu odzaona dziko okha. Kuumba tailosi pamanja n'kovuta kuposa kuumba kapu, ngakhale kuti maso amanena zosiyana. Chinthu chafulati chimafuna kupindika pouma, popeza m'mbali mumauma msanga kuposa pakati, choncho chimayenera kuumitsidwa pang'onopang'ono. Komanso dongo limafota. Kuchokera pouumba mpaka potuluka m'ng'anjo likhoza kuchepa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, mwina kuposa. Wofuna tailosi ya masentimita 15 ayenera kuumba yokulirapo. Kawirikawiri imawotchedwa kawiri, koyamba kuti ilimbe n'kutheka kujambulidwa, kachiwiri kuti utoto upse. Tailosi yotere singapikisane pa mtengo ndi ya kufakitale ya ku China, India, South Africa, Tanzania kapena Zambia, kumene makina amadinda zikwizikwi pa tsiku n'kuzijambula monga momwe makina osindikiza amalembera papepala. Paja amati woumba mbiya amadyera m'phale. Boma limene lili ndi dongo labwino chonchi likupondabe dothi la eni.

Chimene chinalakwika kwathu

Nditabwerera kumudzi ndinatenga kandodo n'kuyamba kugogoda tailosi iliyonse. Imene yagwira bwino imalira mogontha. Imene ili ndi mphako kunsi imalira ngati ng'oma. Pabalaza pathu pafupifupi theka linali ng'oma zokhazokha.

Zolakwika zinali zingapo, ndipo si zonse zinali za mmisiri. Iye, pofuna kuti simenti imukwanire, ankaika zibuma zisanu, m'makona ndi pakati, m'malo moyala simenti ponseponse. Mwendo wa mpando ukagunda pamene pali mphako tailosi imasweka. Sanaviike matailosiwo m'madzi, chonsecho anali a gulu lomwa madzi lija ndipo ankawamata ndi simenti wamba yosakaniza ndi mchenga. Tailosi youma imayamwa madzi a m'simenti simentiyo isanagwire. Anawathithikizanso osasiya mpata pakati pawo ngakhale m'mbali mwa khoma. Chinthu chilichonse chimafutukuka kukatentha n'kufota kukazizira, ndipo kwathu kuno, kumene tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kusiyana kwa usiku wa mu Julayi ndi masana a mu Okotobala si kwamasewera. Matailosi atasowa kofutukukira anakankhana mpaka ena anadzuka ngati denga la khola.

Mbali yathu inali iyi. Tinamufulumizitsa mmisiriyo kuti amalize achimwene asanafike pa Khirisimasi, motero anayala matailosi pa konkire ya masiku ochepa, pomwe konkire imafuna masiku osachepera 28 kuti ikhwime. Ndipo posankha m'sitolo ine ndi alamu anga tinatengeka ndi kunyezimira. Tinagula oyera mbuu, oterera ngati galasi, amene ena mwa iwo anali a pakhoma osati a pansi. Chikomekome cha mkuyu. Sitinaganize za matope ofiira a dzinja la ku Bembeke, kapena za nkhungu ya m'mawa imene imanyowetsa khonde, kapena za phazi la munthu wa zaka zoposa 80. Sitinaganizenso za chisanu. Tailosi imakoka kutentha kwa phazi msanga kuposa dothi lozira, n'chifukwa chake imamveka yozizira ngakhale zonse zili m'nyumba imodzi. Ku Salima kapena ku Nsanje umenewo ndi mwayi. Ku Dedza mu Juni ndi chilango.

Tsiku lina ndinawafunsa agogo chifukwa chake sankafuna kulowa m'nyumbamo ngakhale titayala mphasa. Anati, "Iwe, nyumba imeneyi ndi yachipatala. Munthu ukhala bwanji pansi poti sipakudziwa?" Ndinaseka, koma amayi sanaseke.

Kwa amene akufuna kugula, masamu ake ndi awa. Chipinda cha mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi chili ndi masikweya mita 12. Tailosi ya masentimita 40 mbali zonse imakuta 0.16 ya sikweya mita, ndiye pafunika matailosi 75. Onjezerani gawo limodzi mwa khumi la odula ndi osweka, akwane 83. Gulani onse nthawi imodzi ndipo onani kuti nambala ya pa makatoni ndi yofanana, chifukwa matailosi opsa pa nthawi zosiyana amasiyana mtundu ngakhale dzina lili limodzi.

Zojambula zichokere kuti?

Mukalowa m'sitolo ya matailosi ku Lilongwe muona kuti ambiri amanamizira chinthu china. Ena amanamizira mwala wa marble, ena matabwa a mitengo imene kuno simera. Palibe cholakwa kugula zimenezo. Koma ndinadzifunsa kuti kodi anthu a mayiko amene anatchuka ndi matailosi anachita bwanji kuti luso lobwereka likhale lawo.

Apwitikizi, amene analamulira anansi athu a ku Angonia kutsidya kwa malirewa, amatcha matailosi awo azulejo. Liwulo si lawo. Linachokera ku Chiarabu, ndipo lusolo analitengera ku Spain cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500. Mtundu wa buluu pa choyera umene anadzatchuka nawo unatsanzira mbale za ku China, monganso anachitira Adatchi a ku Delft m'zaka za m'ma 1600. Koma pa matailosiwo anajambulapo mbiri yawo, oyera mtima awo ndi ntchito za kumidzi kwawo. Pa siteshoni ya sitima ya São Bento mumzinda wa Porto pali matailosi pafupifupi 20,000 amene Jorge Colaço anajambulapo nkhondo ndi zikondwerero za dziko lake. Ku Morocco, makamaka mumzinda wa Fez, amisiri a zellige amadula tailosi yopsa kale ndi kanyundo kakuthwa kukhala tizidutswa ting'onoting'ono, n'kutiyala chafufumimba pansi, kenaka n'kuthira zomatira kumsana. Zojambula zawo ndi nyenyezi ndi mizere yolukanalukana, popeza m'mizikiti sajambula anthu kapena nyama. Onsewa anabwereka chipangizo koma nkhani anaikapo yawo.

Ndipo mbale za ku China zija sizinathere ku Ulaya kokha. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma lomwe lino, kumene kunali likulu la Kalonga wa Amaravi, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza zidutswa za mbale za ku China, mikanda yagalasi, zinthu za kopa ndi minyanga ya njovu, pamodzi ndi mapale ochuluka a mbiya zoumbidwa konkuno. Zimenezi anazilemba m'buku limene linatuluka m'chaka cha 2020. Akatswiri amagawa mapale akale a dziko lino potsata maumbidwe ndi zokongoletsa zake, n'kuwapatsa mayina a malo amene anapezeka koyamba, monga Nkope, Kapeni ndi Mawudzu. A mtundu wa Nkope ndi a zaka zoposa 1,500 zapitazo. Mizere imene amayi amenewo ankacheka pakhosi pa mbiya dongo lisanaume ndi nkhokwe yoyamba imene wojambula matailosi wa lero angatapemo, ndipo imayenerana ndi tailosi chifukwa ndi yobwerezabwereza. Chojambula chabwino cha pa tailosi ndi chimene chikafika m'mphepete chimakumana ndi chinzake pa tailosi yotsatira, monga momwe mzere umazungulirira mbiya n'kudzapezana ndi pamene unayambira.

Nkhokwe yachiwiri ndi ya m'mapanga a Chongoni. Dera limeneli, lokula masikweya kilomita pafupifupi 126, lili ndi malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Malo odziwika kwambiri ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zojambulazo zili m'magulu awiri akuluakulu. Zofiira ndizo zakale, ndipo akatswiri amati anajambula ndi Akafula, kapena kuti Abatwa, amene makolo athu anawapeza kuno. Zambiri mwa izo si nyama kapena anthu, koma zozungulira zina m'kati mwa zinzake, zozungulira zokhala ndi cheza ngati dzuwa, ndi mizere yondondozana ngati makwerero. Zoyera ndi za Achewa, zopakidwa ndi chala choviika m'dongo loyera. Zina zimasonyeza zilombo za Gule Wamkulu monga kasiyamaliro, ndipo N.E. Lindgren ndi Matthew Schoffeleers analemba za zimenezi m'chaka cha 1978. Zina zimaoneka ngati chikopa cha nyama chotambasula, ndipo kafukufuku wa Leslie Zubieta anasonyeza kuti zimakhudzana ndi maphunziro a atsikana a kuchinamwali.

Nditaima pa Chentcherere chimene chinandigwira mtima ndi mitundu. Yofiira, yoyera, ndi kuda kwa mwala ndi mwaye. Ndi mitundu yomweyo ya pakhoma la agogo, ndipo chala n'chomwechonso. Munthu angayale bafa kapena khitchini yonse ndi mitundu itatu imeneyi osasowa wachinayi.

Komabe apa ndi pamene ndikufuna kuchenjeza, ngakhale anzanga ena m'kalasi anati ndikukokomeza. Si chilichonse chokongola chimene chingaikidwe pa tailosi. Tailosi ya pansi imapondedwa, imakolopedwa ndi madzi akuda, ndipo ina imathera m'chimbudzi. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza m'chaka cha 2005, si chokongoletsera chabe. Kwa eni ake ndi mizimu ya makolo imene imabwera pa maliro ndi pa chinamwali. Kuika kasiyamaliro pansi poti alendo azipukutirapo nsapato n'chimodzimodzi kuyala mtanda pakhomo la bafa, ndipo palibe Mkhristu wa ku Bembeke angavomere zimenezo. Zojambula za chinamwali nazo zili ndi matanthauzo amene ndi a anamkungwi ndi anamwali awo, ndipo ine sindiwalemba muno. Mnzanga wina anati nanga bwanji ku Mua zigoba zili poyera. N'zoona kuti ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa m'chaka cha 1976 pa mishoni ya Mua, imene inakhazikitsidwa mu 1902, nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare ili ndi zigoba za gule zoposa 400, ndipo makoma ake akunja ndi ojambulidwa mbiri ya dziko lino. Koma kumeneko chigoba chili pamalo aulemu, chili ndi dzina lake ndi kufotokozera kwake, ndipo zinatheka patapita zaka zambiri za kukhala ndi eni mwambowo. Zimenezo n'zosiyana ndi kujambula chithunzi pa foni n'kukachidinda pa matailosi ogulitsa. Maganizo anga ndi akuti za pansi zichokere ku malukidwe a lichero, nsengwa ndi mkeka, ku mizere ya pa mbiya, ku nthenga za nkhanga ndi masamba a mbewu zathu. Zokhudza mwambo, ngati n'kofunika kutero, zikhale pakhoma, ndipo eni ake ayambe afunsidwa.

Palinso funso la dzina. Ku South Africa amayi a Chindebele ankajambula makoma a nyumba zawo monga ankachitira agogo. Mmodzi wa iwo, Esther Mahlangu, anafika pojambula galimoto ya BMW m'chaka cha 1991, ndipo dzina lake linadziwika m'mayiko ambiri. Kwathu kuno chojambula cha mayi wa kumudzi chikatengedwa n'kuikidwa pa nsalu kapena pa kapu chimangotchedwa chachikhalidwe, ngati kuti chinamera chokha ngati bowa. Ine ndayamba kulemba m'kope zojambula za amayi a m'mudzi mwathu, chilichonse ndi dzina la mwini wake, dzina limene iye amachitchula, ndi dambo limene amatapako dothi. Pofika pano ndalemba makoma a nyumba khumi ndi ziwiri. Zitatu mwa izo zapakidwa kale simenti.

Khonde la amayi

M'chilimwe cha 2023 achimwene anatumizanso ndalama, mochepa kusiyana ndi poyamba, ndipo pa foni anangoti, "Achemwali, ulendo uno musankhe inuyo ndi amayi, ine ndalephera." Pabalaza tinaikapo matailosi ofiirira okhakhala pang'ono, ndipo mmisiri wina anawayala mosathamanga, akusiya mpata wofanana pakati pawo. Chipinda cha agogo sitinachikhudze. Anabwerera m'kanyumba kawo kakale, kamene amayi amazirabe.

Panatsala mulu wa matailosi oyera osweka kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinkafuna tikawataye kudzenje, koma mmisiri uja anati m'matauni anthu amayala zidutswa zotere pakhonde, ndipo mizere yambiri ya simenti ya pakati pake imathandiza kuti phazi lisaterereke. Tinawonjezera zidutswa zofiirira zotsala podula ndi zakuda zochepa zimene anatipatsa aneba. Mmisiriyo anayamba kuziyala mwachisawawa, monga amachitira kwina konse. Agogo, amene anali pamphasa akuwothera dzuwa, anamuyang'ana kwa kanthawi, kenaka anamukodola ndi ndodo yawo.

"Bambo, zakudazo zipite m'mphepete. Kuda kumakhala kunsi."

Mmisiri anayang'ana amayi, amayi anagwedeza mutu, iye n'kuzula zimene anali atayala. Kuyambira pamenepo agogo ndi amene ankaloza. Zakuda zinazungulira m'mbali, zofiirira zinadzaza pakati, ndipo zoyera zinapanga njira ya njoka kuchokera pa sitepe mpaka pakhomo. Ntchito ya tsiku limodzi inatenga masiku atatu, ndipo mmisiri anapempha kuti timuwonjezere malipiro, ife n'kumuwonjezera. Pa tsiku lachitatu mwana wa achemwali uja anakhala pambali pa agogo akusankha zidutswa m'lichero n'kumapatsira mmisiri. Ndinamumva akufunsa kuti njokayo ikhote kangati isanafike pakhomo, ndipo agogo anamuuza kuti awerenge yekha pakhoma la kanyumba kawo.